Kumvetsera Nkhokwe za Pansi pa Nyanja: Njira Iti Ingayenere Gasi wa ku Rovuma?

Aliyense amene anakulira ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga anawaonapo amayi akuyeza madzi a mu mgolo wachitsulo popanda kuchotsa chivundikiro. Amagogoda ndi chala kuyambira kukamwa kwa mgolo n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo pamene kulira kwa chitsulo kwasiya kumveka ngati mphako n'kuyamba kumveka kogontha, amadziwa kuti madzi alekezera pomwepo. Akagogoda kamodzi amangodziwa za nthawi imeneyo basi. Koma akagogoda m'mawa n'kudzagogodanso madzulo, amadziwa kuti banja likutunga madzi ochuluka bwanji pa tsiku, kuti atsala a masiku angati, ndiponso ngati mgolowo wayamba kudontha kunsi kumene maso sakuona.

Makampani okumba mafuta ndi gasi panyanja amachita zofanana ndi zimenezi, kungoti mgolo wawo uli pansi pa madzi akuya ndipo waphimbidwa ndi thanthwe lochindikala makilomita awiri kapena atatu. Sitima yapamadzi imakoka mfuti zimene zimaphulitsa mpweya wothinikizidwa pafupifupi masekondi khumi aliwonse. Phokosolo limatsika m'madzi pa liwiro la mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, limalowa m'nthaka, ndipo paliponse pamene mtundu wa mwala wasintha, gawo lake lina limabwerera kumwamba kumene tizipangizo tomvetsera timalijambula. Makompyuta amasandutsa zobwererazo kukhala chithunzi cha matanthwe a pansi. Ntchito imeneyi dzina lake ndi seismic. Ikachitika kamodzi imapereka chithunzi cha 3D, chosonyeza utali, mulifupi ndi kuya kwa nkhokwe, kutanthauza mwala umene wasunga mafuta kapena gasi. Ikabwerezedwa pamalo omwewo patapita miyezi kapena zaka, akatswiri amachotsera chithunzi chakale pa chatsopano kuti patsale zokhazo zimene zasintha, ndipo imatchedwa 4D, chifukwa mbali yachinayi ndi nthawi.

Wina angafunse kuti nkhani ya panyanja ikutikhudza bwanji ife a ku Tete, amene madzi aakulu omwe timawadziwa ndi a Zambezi ndi a Cahora Bassa. Ikutikhudza kuwiri. Ana athu amene akuphunzira za migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete, ndiponso anthu amene anazolowera ntchito yobowola miyala ku Moatize, ndi ena mwa amene adzafunsire ntchito za gasi ku Cabo Delgado. Kwinaku, kuyambira pamene kampani ya Anadarko inapeza gasi mu 2010 mu Area 1 ya Rovuma, dera la panyanja kufupi ndi Cabo Delgado, ndipo kampani ya Eni inapeza wina mu Area 4 mu 2011, dziko lathu laika chiyembekezo chachikulu pa chuma chimenechi, mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2023 lamulo lokhazikitsa Fundo Soberano losungiramo gawo la ndalama zake. Gasi amene angatsalire m'thanthwe chifukwa chosaona bwino zimene zikuchitika pansi ndi ndalama imene sidzafika m'thumba limenelo, ndipo sidzafikanso pa msewu wa ku Furancungo kapena pa chipatala cha ku Chifunde.

Chifukwa chake zitsime pazokha sizikwanira

Nkhokwe ya mafuta si dziwe la pansi ayi. Ndi mwala wokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, ngati njerwa imene yamwa madzi, ndipo mafuta kapena gasi amakhala m'timabowomo. Chitsime chikayamba kutulutsa, pulesha ya m'mwalamo imatsika, madzi amene anali kunsi kapena m'mphepete amayamba kulowa, ndipo pa nkhokwe zambiri za mafuta kampani imapopera dala madzi kapena gasi kuti akankhire mafutawo ku zitsime. Vuto ndi lakuti madzi sayenda mofanana paliponse. Amatsata mchenga womasuka, amalambalala pamene pali dongo, amaima pamene thanthwe linathyoka n'kutsetsereka, ndipo amatha kufika pa chitsime msanga atasiya m'mbuyo chigawo chonse chodzaza mafuta. N'chifukwa chake padziko lonse mafuta amene amatuluka amangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene ali m'nthaka.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino zaka zimene ndinkagwira ntchito yolongedza miyala yochokera m'zibowo zofufuzira malasha cha ku Moatize. Tinkandandalika miyala yoboolayo m'mabokosi aataliatali, n'kumalemba kuya kwake ndi choko. Tsiku lina chibowo china chinatipatsa malasha okongola, akuda bii, ochindikala bwino; chibowo chotsatira, chimene munthu akanayenda wapansi mphindi zochepa chabe kuchokera pa choyambacho, chinatulutsa mwala wolimba wotuwa pa kuya komweko, malasha osaoneka n'komwe. Pakati pa zibowo ziwirizo panali pothyoka pamene palibe aliyense akanapadziwa pongoyang'ana mabokosi. Chibowo chimanena zoona, koma chimanena za pamalo pamene chadutsa pokha. Pamtunda tinkangosuntha makina n'kubowolanso pakati. Panyanja yakuya chitsime chimodzi chimadya madola mamiliyoni makumi angapo, nthawi zina kupitirira mamiliyoni 100, choncho kubowola mongoyesa sikutheka.

Muyezo umodzi ndi umene ndikuyezera njira zonse zimene zili m'munsizi: kodi kuwunika kwachiwiri kukufanana bwanji ndi koyamba? Ngati amayi aja agogoda mgolo m'mawa ndi chala, madzulo n'kugogoda ndi mwala, kusiyana kwa kulira sikuwauza kanthu za madzi. Momwemonso, ngati mfuti ndi tizipangizo tomvetsera sizinabwerere pamalo enieni pamene zinali poyamba, kusiyana kwa zithunzi kumadzaza ndi phokoso lachabe, ndipo kusintha kwenikweni kwa m'nkhokwe kumamira momwemo. Akatswiri amayeza kufananaku ndi nambala yotchedwa NRMS, imene ikakhala yaing'ono ndiye kuti zinthu zayenda bwino.

Zingwe zokokedwa ndi sitima

Njira yakale ndiponso yofala kwambiri ndi yokoka zingwe zomvetsera, zotchedwa streamer, kumbuyo kwa sitima. Sitima imodzi imatha kukoka zingwe khumi kapena kuposerapo, chilichonse chotalika makilomita 6 mpaka 8, zotalikirana mamita 50 kapena 100, ndipo imayenda pang'onopang'ono, makilomita 8 kapena 9 pa ola. Ubwino wake ndi woonekeratu: imamaliza dera lalikulu m'masabata ochepa, mtengo wake pa kilomita ndi wotsika kuposa njira zina zonse, ndipo sisiya kanthu pansi pa nyanja. Pafupifupi nkhokwe iliyonse ya panyanja inapezeka ndi njira imeneyi, motero chithunzi choyamba choyerekezera nacho chimakhala chilipo kale.

Pali umboni wokwanira wakuti imagwira ntchito. Ku Draugen, m'nyanja ya ku Norway, Shell inayerekeza chithunzi cha 1990 ndi cha 1998 n'kuona kuti madzi anali atayenda mosiyana ndi mmene kompyuta inkalosera, ndipo inasuntha malo a chitsime chimene inkafuna kubowola. Ku Sleipner, ku Norway komweko, kumene mpweya wa carbon dioxide unayamba kupopedwera mu mchenga wa pansi pa nyanja wotchedwa Utsira mu 1996, zithunzi zobwerezedwa kuyambira 1999 zinaonetsa mpweyawo utayalana m'magawo asanu ndi anayi, gawo lililonse litatsekerezedwa ndi kadongo kopyapyala kamene chithunzi cha 1994 sichinkaonetsa. Kwa abale athu a ku Angola, nkhokwe ya Girassol, imene inayamba kutulutsa mafuta mu Disembala 2001 m'madzi akuya mamita oposa 1,300, ndi imodzi mwa zimene zinaonetsa kuti mchenga womasuka wa m'nyanja zakuya za Africa umayankha bwino kwambiri ukawunikidwa mobwereza.

Koma chingwe cha makilomita 8 chili ngati nsalu yoyanikidwa pamphepo: madzi akamayenda chopingasa, mchira wake umapatuka mamita mazanamazana, ndipo chaka chotsatira umadzapatukira kwina. Masiku ano zingwe zili ndi timapiko totha kuziwongolera m'mbali, koma timapikoto timangokonza kupatuka kwa madigiri ochepa. Apa ndi pamene nyanja yathu ili yovuta, chifukwa pakati pa Mozambique ndi Madagascar madzi amayenda mwamphamvu, mozungulirazungulira, ndipo mayendedwe ake sabwereza ndendende chaka ndi chaka. Vuto lachiwiri ndi la zomangidwa. Nkhokwe ikayamba kugwira ntchito, pamwamba pake pamakhala nsanja kapena chombo, ndipo sitima yokoka zingwe siingadutse pafupi. Coral Sul, chombo cha ku Rovuma chotalika mamita 432 chimene chinatumiza gasi wamadzi (woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi) woyamba mu Novembala 2022, chinamangiriridwa pamalo amodzi ndipo chimatembenuka motsatira mphepo ndi madzi. Kuti aone kunsi kwa chinthu chotere amagwiritsa ntchito sitima ziwiri, ina yonyamula mfuti mbali iyi, ina yokoka zingwe mbali inayo, koma chithunzi chake sichifanana bwino ndi choyamba chija, ndipo chigawo chosaoneka bwinocho nthawi zambiri chimakhala pakatikati pa nkhokwe.

Timabokosi toikidwa pansi pa nyanja

Njira yachiwiri imachotsa makutu pamwamba pa madzi n'kukawakhazika pansi penipeni. Timabokosi totchedwa node, kalikonse kokhala ndi batire lake, wotchi yake ndi posungira zimene kamva, timatsitsidwa ndi maloboti oyenda m'madzi otchedwa ROV n'kuikidwa motalikirana mamita mazana angapo. Sitima yonyamula mfuti zokha, yopanda mchira wautali uja, imazungulira pamwamba mpaka pafupi ndi nsanja, ndipo ntchito ikatha maloboti amakatolanso timabokosito. BP inachita zimenezi koyamba pa dera lalikulu la madzi akuya ku Atlantis, mu Gulf of Mexico, mu 2005 ndi 2006, n'kudzabwereza mu 2009.

Pansi pa nyanja pali bata, ndipo kabokosi kangathe kubwezeredwa pamalo ake akale mosaphonya kuposa mamita ochepa. Kamamva phokoso lochokera mbali zonse, pamene chingwe chimamva makamaka lochokera kutsogolo kwake. Popeza kakhudza nthaka, kamajambulanso mtundu wina wa kugwedezeka umene suyenda m'madzi koma umayenda m'mwala, ndipo umenewu umathandiza kusiyanitsa kusintha kwa pulesha ndi kusintha kwa madzi kapena gasi. Choipa chake ndi nthawi ndi ndalama: loboti imaika kabokosi kamodzikamodzi, ntchito imatenga miyezi, ndipo pa dera lofanana mtengo wake umaposa wa zingwe maulendo angapo. Palinso msampha umene anthu amaugwera kawirikawiri. Chithunzi cha timabokosi sichiyerekezeka bwino ndi chithunzi chakale cha zingwe, chifukwa makutu anali malo osiyana, motero amene wasankha njirayi mochedwa amakhala ngati wayambiranso kuwerenga zaka pa ziro.

Zingwe zokwiriridwa mpaka kalekale

Njira yachitatu ndiyo imene mainjiniya ambiri amailakalaka. Zingwe zomvetsera zimakwiriridwa m'ngalande zakuya mita imodzi kapena iwiri pansi pa nyanja, n'kulumikizidwa ku nsanja, ndipo zimakhala momwemo moyo wonse wa nkhokwe. Dzina lake mwachidule ndi PRM. Pakafunika chithunzi chatsopano pamangobwera kasitima kakang'ono ka mfuti, ndipo popeza makutu sanasunthe ngakhale pang'ono, kufanana kwa zithunzi kumaposa njira zina zonse.

Inayambira pa nkhokwe zimene zinali ndi mavuto apadera, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira. Ku Valhall, m'nyanja ya North Sea, BP inakwirira zingwe zokwana makilomita pafupifupi 120 mu 2003, ndipo m'zaka khumi zoyambirira inawunika maulendo oposa khumi. Mwala wa kumeneko ndi choko chofewa chimene chimafinyika mafuta akamachoka, ndipo pamwamba pake pali gasi womwazika amene amachititsa khungu zithunzi za zingwe zokokedwa. Ku Ekofisk, nkhokwe ya choko imene inapezeka mu 1969, pansi pa nyanja panatsika kwambiri mpaka mu 1987 anachita kudula miyendo ya nsanja n'kuzikweza mamita 6. Mu 2010 ConocoPhillips inakwirira kumeneko zingwe za fibre optic zokwana makilomita pafupifupi 200 n'kumawunika kawiri pa chaka. Malo onse awiriwa madzi ake ndi osaya, pafupifupi mamita 70, zitsime zake ndi zambirimbiri, ndipo chaka chilichonse amabowola zina. Chithunzi chikabwera mu Juni chimasintha malo a chitsime cha mu Okutobala. Pambuyo pake njirayi inafika ku Snorre, ku Grane ndi ku Johan Sverdrup ku Norway, ndipo Petrobras inaiyesa m'madzi akuya mamita oposa 1,200 ku Jubarte, ku Brazil, mu 2012.

Ndalama zake zimatuluka zonse poyamba, nkhokwe isanabweze kanthu, ndipo zimangobwerera ngati kuwunika kuchitika pafupipafupi kwa zaka zambiri. Chingwe chikaduka ndi nangula kapena ndi makoka, kukachikonza m'madzi akuya ndi ntchito yaikulu. Komanso chimangoona dera limene chinakwiriridwa. Nkhokwe ikapezeka kuti yafalikira kwina, makutu sangasamuke. Ine ndimaona kuti funso lofunika kufunsa munthu aliyense wolimbikitsa PRM ndi ili: kodi ndi chiganizo chiti chimene mudzasinthe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse? Ngati palibe yankho, zithunzizo zidzangounjikana m'makompyuta.

Kuyeza kulemera kwa nthaka ndi kutsika kwake

Njira yachinayi si ya phokoso konse, koma ndaiika pano chifukwa pa nkhani ya gasi imaona zimene seismic imalephera. Pali khalidwe lina la gasi limene wophunzira aliyense ayenera kulidziwa. Gasi wochepa kwambiri akalowa mu mchenga wodzaza madzi, liwiro la phokoso limatsika nthawi yomweyo. Koma gasiyo akapitiriza kuchuluka, liwirolo silisinthanso kwenikweni. Motero kwa seismic, mchenga umene uli ndi gasi gawo limodzi mwa magawo khumi umaoneka pafupifupi chimodzimodzi ndi umene uli ndi magawo asanu ndi atatu. Tsono madzi akamalowa m'nkhokwe ya gasi sakankha yense. Amasiya wina atakodwa m'timabowo, ndipo wotsalayo ndi wokwanira kubisa kumene madzi afika.

Kulemera ndiko sikunama. Madzi ndi olemera kwambiri kuposa gasi, choncho akalowa pamene panali gasi, mphamvu yokoka ya dziko pamwamba pa malo amenewo imawonjezeka pang'ono zedi, magawo ochepa chabe mwa magawo biliyoni imodzi, ndipo zipangizo za masiku ano zimatha kuyeza zimenezo. Amaika timiyala ta simenti pansi pa nyanja, ndipo zaka zingapo zilizonse loboti imakhazika choyezera pa kamwala kalikonse kwa mphindi zingapo. Ulendo womwewo amayezanso pulesha ya madzi pa kamwalapo kuti adziwe ngati nthaka yatsika, mpaka pa mamilimita ochepa, ndipo kutsika kumeneku kumaonetsa zigawo zimene pulesha yagwa ndi zimene zatsekeka osatulutsa kanthu. Statoil, imene pano ndi Equinor, inayamba zimenezi pa nkhokwe yaikulu ya gasi ya Troll mu 1998, ndipo njirayi inagwiritsidwanso ntchito ku Sleipner ndi ku Ormen Lange, kumene madzi ndi akuya mamita 850 mpaka 1,100. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa seismic, ndipo m'madzi simuphulitsidwa kanthu. Kufooka kwake ndi kwakuti chithunzi chake ndi chachimbuuzi: chimanena kuchuluka kwa madzi amene alowa ndi mbali imene alowera, koma sichingaloze kuti ali mu gawo liti la mchenga, ndipo nkhokwe ikakhala yakuya kwambiri chizindikiro chimafooka.

Palinso chingwe cha fibre optic chotsitsidwa m'chitsime momwemo, chimene chonse chimasanduka khutu. Chimamva bwino kwambiri pafupi ndi chitsime, koma kutali sichifika, ndipo chiyenera kuikidwa pamene chitsime chikumangidwa. Ndi chothandizira njira zinazo, osati cholowa m'malo mwake.

Tikaika zonsezi pa Rovuma

Nkhokwe za ku Rovuma ndi za gasi, zili mu mchenga wochindikala umene unatsetserekera m'nyanja yakuya kalekale, ndipo pamwamba pake pali madzi ofika mamita 2,000 cha ku Coral. Chombo cha Coral Sul, chimene chingathe kupanga matani 3.4 miliyoni a gasi wamadzi pa chaka, chimadyetsedwa ndi zitsime zisanu ndi chimodzi zokha. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Ekofisk. Pamene zitsime zili zochepa, zikuluzikulu, ndipo sizibowoledwa chaka chilichonse, chithunzi cha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse chilibe chiganizo choti chisinthe. Tikawonjezapo kuya kwa madzi ndi zigwembe zikuluzikulu zimene zinang'amba pansi pa nyanja ya kumeneko, ine sindikuona kuti zingwe zokwiriridwa zingabweze ndalama zake pa nkhokwe yotere.

Chimene chingaphe chitsime cha gasi ndi madzi ofika msanga, ndipo chimene chingatayitse chuma ndi chigawo chotsekeka chimene palibe chitsime chikuchifikira. Mafunso awiriwa ndi amene kuyeza kulemera ndi kutsika kwa nthaka kumayankha motchipa, choncho ndikanakhala pa mpando wosankha ndikanayambira pamenepo, n'kumabwereza zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Seismic ndikanaisungira nthawi zikuluzikulu, makamaka pokonzekera gawo latsopano la zitsime: zingwe zokokedwa pa dera lonse, ndi timabokosi pa chigawo chimene chombo chatchinga kapena pamene madzi akupatutsa zingwe mopitirira. Pamafunikanso kuyeza kutentha ndi mchere wa madzi ulendo uliwonse. Phokoso lopita pansi pa mamita 2,000 n'kubwerera limatenga masekondi pafupifupi 2.7, ndipo liwiro lake likangosintha ndi mita imodzi pa sekondi, nthawiyo imasuntha ndi pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi, kumene kuli kusintha kofanana kukula ndi kumene tikufunafuna m'nkhokwe.

Pali chifukwa china chimene chimapangitsa kuwunika kukhala nkhani ya boma, osati ya makampani okha. Nkhokwe zina zimadutsa malire a Area 1 ndi Area 4, ndipo mu 2015 mbali ziwirizo zinasainirana pangano lozigwiritsa ntchito mogwirizana. Gasi sadziwa malire olembedwa pa mapu. Amapita kumene pulesha yatsika. Ntchito ya TotalEnergies ku Afungi itaima mu Epulo 2021 chifukwa cha chiwembu cha ku Palma, zinaonekeratu kuti ntchito zoyandikana siziyamba nthawi imodzi monga zinakonzedwera. Miyezo yobwerezedwa ndi imene ingaonetse, popanda kukangana, ngati kutunga kwa mbali imodzi kwayamba kumveka mbali inayo.

Pa zonsezi, chinthu chimodzi sichingakonzedwe pambuyo, ndicho muyezo woyamba. Njira iliyonse mwa zinayizi imadalira chithunzi kapena muyezo woyamba, ndipo wabwino koposa ndi wotengedwa gasi asanayambe kutuluka, ndi zipangizo zofanana ndi zimene zidzagwiritsidwe ntchito m'tsogolo. Madzi akatayika saoleka: nkhokwe ikangoyamba kutulutsa, mmene inalili poyamba sizidzaonekanso. Choncho nthawi yokambirana za timiyala ta simenti ndi timabokosi ndi pamene pulani yotukula nkhokwe ili pa tebulo la Instituto Nacional de Petróleo, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi gasi, kudikira chilolezo, osati patapita zaka zisanu madzi atayamba kale kuoneka pa chitsime.

Posankha tisaiwale amene amakhala m'madzimo ndi amene amadya za m'madzimo. Mfuti za mpweya ndi zaphokoso kwambiri. Anamgumi amabwera kudzaberekera m'nyanja yathu kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, pamene nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala mpaka Epulo, monga Kenneth anationetsera ku Cabo Delgado mu Epulo 2019, motero miyezi yabwino yowunikira ndi yochepa ndipo imafuna kukonzekera msanga. Asodzi a ku Palma, ku Mocímboa da Praia ndi kuzilumba za Quirimbas ayenera kuuzidwa masiku ndi malo m'chilankhulo chawo. Njira ya PRM imachepetsa kukula kwa sitima koma imachulukitsa maulendo ophulitsa. Zingwe zokokedwa zimatseka dera lalikulu la nyanja kwa masabata. Kuyeza kulemera kokha ndi kumene kulibe phokoso.

Kwa inu ophunzira a ku Tete, ntchito yaikulu ya 4D sichitikira pa sitima. Imachitikira pa kompyuta, pamene munthu amayerekeza kusiyana kwa zithunzi ndi pulesha yoyezedwa m'zitsime ndiponso ndi zimene chifaniziro cha nkhokwe cha pa kompyuta chinkalosera, n'kupeza pamene zitatuzi zikutsutsana. Zofunika pamenepo ndi masamu, fizikisi ya miyala, kulemba mapulogalamu ndi Chingerezi chowerengera malipoti, kuwonjezera pa Chipwitikizi chathu. Zithunzi za seismic za Sleipner zinatsegulidwa kwa aliyense, ndipo mu 2018 Equinor inatulutsanso poyera zonse za nkhokwe ya Volve, motero wophunzira wa ku Ulónguè kapena ku Matundo amene ali ndi laputopu ndi intaneti angathe kuzikopera n'kuyamba kuchotsera chithunzi cha Sleipner cha 1994 pa cha 2001 ali kunyumba kwawo.